Kudikira Bambo Adzuke

Kota Kota,
7 Meyi 1956

Okondedwa achimwene a Rashidi,

Salaam aleikum. Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli amoyo pamodzi ndi alamu anga a Madina ndi ana, ndiponso kuti chisanu cha ku Harare sichinayambe kukulumani zala. Kuno Mulungu akutisunga. Mwera wayamba, ngalawa zikuswera pamchenga masiku ambiri, koma mpunga wa faya wacha bwino kudambo kwa amayi, moti bwalo lonse ladzaza mikeka yoyanikira ndipo nkhuku zatisandutsa alonda. Amayi akuti bulangete lija munatumiza linafika, koma alisunga m'bokosi kuti lisade, ndiye akufundabe lakale lomwe lija lobooka pakati. Mukuwadziwa.

M'kalata yanu munadandaula kuti ine ndikamalemba za bambo ndimangoti "ali bwino", ngati kuti inki ndimachita kupempha. Lero ndilemba zambiri, mwina mpaka mudzanong'oneza bondo kuti munafunsiranji. Bambo anagwa mumzikiti pa swala ya Ijuma, Lachisanu lachitatu la Ramadhani. Anathyoka fupa la paphewa ndipo anatemeka pamphumi. Musathamangire kukakwera sitima. Akuchira, akudya, ayambanso kukalipa. Koma kutsogolo kwa mzikiti sakuimanso. Amene akuima pamenepo tsopano ndine, ndipo pa Idi wodzaswalitsa ndine ndemwe. Ndikudziwa kuti pofika apa mwaseka kapena mwakwinya nkhope, ndipo zonse ziwiri zikundiyenera.

Ndiyambe kumbuyo pang'ono, poti inu munachoka bambo akutsokomola magazi, za jakisoni munangozimva m'makalata. Mankhwala atsopano aja anachiritsadi chifuwa chachikulu. Munthu amene tinali titayamba kumufunsira nsalu ya sanda anadzuka n'kuyamba kupempha chambo chowotcha. Koma atatuluka m'chipatala anabwera ndi mayendedwe a munthu wina. Pamchenga amadzandira, miyendo atatangadza. Akuti akamayenda dziko limadumphadumpha m'maso, kotero sazindikira nkhope ya munthu mpaka ataima kaye. Anthu ena anayamba kunena kuti Mwalimu Sufiyani ayamba kunyada, sabweza moni panjira. Ena, amene Mulungu adzawafunsa yekha, anati mkulu wa mzikiti walawa kachasu paukalamba. Choopsa kwenikweni chinali podzuka. Akadzuka msanga pamkeka amaima kamphindi ngati ali bwino, kenaka nkhope imatuwa, maso amapita, n'kugwera pomwepo. Iwo amangoti, "Mdima wabwera."

Ramadhani isanayambe ndinawaperekeza kuchipatala. Dokotala wachizungu anawagoneka pabedi, n'kuwamanga pamkono chinsalu chopopa chija choyezera kuthamanga kwa magazi, kenaka anawaimiritsa n'kuyezanso. Anachita zimenezi kangapo akugwedeza mutu, analankhula nthawi yaitali ndi a Alufandika, a medikolo aja a ku Likoma amene munkasewera nawo bawo, n'kupita kwa odwala ena. A Alufandika ndiwo anatsala kuti atimasulire.

"A Mwalimu, mtima wanu ulibe mlandu," anatero. "Mlandu uli m'khutu."

"Khutu langa likumva bwino," bambo anayankha. "Dzulo lomweli ndamva mkazi wanga akundinena kuseri kwa nkhokwe."

A Alufandika anaseka, n'kutenga botolo la madzi losadzaza, n'kuligoneka patebulo. Madzi anayala kuchokera pansi pa botolo mpaka kukhosi kwake. Ataliimiritsa, madzi onse anathawira pansi, kukhosi kunatsala kopanda kanthu.

"Munthu ali chonchi," anatero. "Mukagona, magazi amafika kumutu mosavuta. Mukadzuka, amafuna kuthawira kumiyendo. Tsono mkati mwenimweni mwa khutu, kuseri kwa pomvera, muli tizipinda ta madzi ndi timchenga tosaoneka ndi maso. Timeneti si tomvera ayi, ndi timene timadziwa kuti mutu wawerama kapena waima. Adokotala akuganiza kuti mutu ukangoyamba kukwera, timchengato timasuntha, uthenga n'kuthamangira ku ubongo, ubongo n'kuuza mtima kuti upope mwamphamvu ndi mitsempha ya m'miyendo kuti ifinye. N'chifukwa chake munthu wabwinobwino amadzuka osaona mdima, thupi limakhala litauzidwa kale. Jakisoni amene anapha matenda m'chifuwa mwanu anaononga tizipinda timeneti."

"Ndiye palibenso wokauza mtima?" bambo anafunsa.

"Alipo ena, m'khosi ndi m'chifuwa, koma iwo amadziwa magazi atatsika kale. Amafika ndithu, koma mochedwa. Ntchito yanu ndi kuwadikira. Mukadzutsa mutu khalani kaye pansi, mdima ubwere, upite, kenaka muimirire. Komanso thupi likauma magazi amachepa, ndiye za kusala kudya chaka chino ndikanakonda kuti..."

"Zimenezo tisiyireni eni ake," bambo anawadula mwaulemu.

A Alufandika sanalimbane nawo. Anangotembenukira kwa ine n'kundigwira pamkono. "A Zaidi, inu mwamva? Asamadzuke mothamanga, ngakhale nyumba ikhale ikupsa."

Ndinati ndamva. Ndipo ndinamvadi, achimwene, mawu onse. Ndalemba zimenezi mwatsatanetsatane kuti pambuyo pake musadzandikhululukire poganiza kuti sindinkadziwa.

Panali vuto linanso. Chifuwa chija chinawadyera bambo mawu, moti akamaswalitsa amangomveka mzere woyamba. Choncho anandiika kumbuyo kwawo kwenikweni kuti akanena "Allahu akbar" chapansipansi, ine ndizibwereza mokweza kuti a kumbuyo ndi a pakhonde amve. Tinagwirizana chonchi: pa sijida yomaliza tisanaimirire, anthu onse mphumi zili pamkeka, bambo azidzutsa mutu mwakachetechete, akhale pansi, adikire mdima wawo upite popanda wowaona akugwiragwira pansi. Akaona kuti m'maso mwayera, anene takbira, "Allahu akbar" ija, ine ndibwereze, ndiye tonse tiimirire limodzi. Njira imeneyi inagwira ntchito. Kuyambira tsiku limene tinaiyamba sanagwepo ngakhale kamodzi, mpaka Ijuma ija.

Ntchito imeneyi ndinaikonda kuposa mmene ndiyenera kuvomerera. Mukudziwa kuti mawu Mulungu anandipatsa, ndipo mukudziwanso kuti ine ndimadziwa kuti anandipatsa. Ndikati "Allahu akbar" amamva mpaka amayi ogulitsa usipa kunjira ya kudoko. Chimene sindinachikonde ndi kudikira. Amayi amati ndinabadwa azamba asanafike, ndipo inu munkandimenya chifukwa chodya mango osapsa. Tsono tangoganizani ine, mphumi ili pamkeka, mphuno ikununkhiza fumbi la mgwalangwa, ndikumva mzikiti wonse ukupuma kumbuyo kwanga, wina akutsokomola mwadala, wina akusuntha bondo, bambo ali zii.

Anthu anayamba kulankhula. A Hassani a sitolo ija ya pafupi ndi msika, amene amaima pambali panga chifukwa amakonda mzere woyamba ngati mmene amakondera kutsegula sitolo msanga, anati tsiku lina tikuvala nsapato: "Swala ya a Sufiyani ukhoza kuteleka mpunga pogwada, podzuka n'kupeza wapsa." Anthu anaseka. Inenso ndinaseka, achimwene, mwana wa a Sufiyani. Anyamata a kumadrasa anayamba kutengera mayendedwe a bambo akaganiza kuti sindikuona. Bambo akudziwa kapena sakudziwa, sindinganene, koma ine zinkandiwawa, ndipo chodabwitsa n'chakuti mkwiyo wanga sunkapita kwa osekawo. Unkapita kwa bambo. Ndinkati mumtima, munthu wodwala bwanji osangokhala kumbuyo n'kuswali chokhala, monga chipembedzo chimalolera?

Pa Ijuma ija mzikiti unadzaza mpaka pansi pa mtengo wa mango, chifukwa kunabwera shehe wachilendo wochokera kutsidya la nyanja, munthu wa ndevu zopesa bwino amene akuti anaphunzira kuchilumba cha Unguja. Anamukhazika kudzanja langa lamanja, a Hassani kumanzere. Bambo analalikira atatsamira ndodo, ndipo ulaliki unali wabwino ngakhale ambiri sanaumve. Milomo yawo inali itauma ndi swaumu, kusala kudya ndi kumwa kuja, ndinaiona. Tinayamba swala, tinawerama, tinagwada, tinafika pa sijida ija. Ndinamva mkanjo wawo ukukhwekhwereza, kusonyeza kuti adzutsa mutu ndipo akhala pansi. Kenaka zii. A Hassani anatulutsa mpweya m'mphuno mokweza. Kumbuyo kutali wina anaseka kamodzi n'kudzigwira. Pamenepo ndinamva ngati bambo anena takbira, ndipo ndinabwereza ndi mawu anga onse.

Mzikiti wonse unadzuka nthawi imodzi. Nditadzutsa mutu ndinaona bambo akadali pansi, dzanja limodzi litagwira mkeka. Anatembenuza khosi pang'ono, anaona anthu ataima kumbuyo kwawo, imamu ali chikhalire. Mukudziwa kuti kwa bambo palibe chamanyazi choposa imamu wotsalira m'mbuyo mwa anthu ake. Anadzuka ndi liwiro la mnyamata. Anaima chilili, anapinda manja, anayamba kuwerenga Fatiha, pemphero lotsegulira lija. Sanafike patali. Mawu anazima, anapendekera kumanja, n'kugwera pamakwerero a guwa lolalikirapo. Phokoso la phewa lija sindidzaliiwala.

Malamulo mukuwadziwa: imamu akagwa swala siiduka, amene ali kumbuyo kwake amasendera kutsogolo n'kumaliza. Amuna awiri anatuluka mumzere n'kuwanyamulira bambo pambali. Shehe wachilendo uja anandikankha pang'ono pamsana. Ndinasendera, ndinaima pamkeka wa bambo, phazi langa pafupi ndi kofia yawo imene inali itagwa, ndipo ndinayambiranso Fatiha.

Ndinawerenga bwino, achimwene. Ichi ndicho chimandidzutsa mtima kuposa zonse. Bambo ali pambali magazi akutsikira m'ndevu, ine mawu anga sananjenjemere ngakhale pang'ono. Ndinasankha sura yaitali ya m'buku loyera. Ndinamva mmene mawu anga ankadzazira mzikiti popanda kudikira munthu, ndipo kwa kamphindi ndinakondwa. Titamaliza, shehe uja anandigwira dzanja n'kunena kuti Mwalimu Sufiyani anadzala mtengo wabwino.

Ndasiya cholembera kwa kanthawi, ndakathamangitsa nkhuku pampunga, ndabwerera n'kuwerenga zimene ndalemba pamwambapa. Pali bodza, ndipo sindilifufuta kuti mulione. Ndalemba kuti ndinamva ngati bambo anena takbira. Sindinamve kanthu. Bambo sananene kanthu, ndipo ndinkadziwa kuti sananene. Ndinatopa, ndinachita manyazi pamaso pa mlendo, ndinaganiza kuti nthawi imene yapita yakwanira, ndiponso pansi pamtima ndinafuna kuti aphunzire kufulumirako. Ndinadzutsa mzikiti ndekha. Uthenga wa m'thupi mwawo umachedwa chifukwa wa m'khutu uja anavulazidwa ndi mankhwala. Ine ndinafulumira ndili bwinobwino. Palibe anaona chifukwa aliyense mphumi inali pansi, ndipo mawu a bambo amawamva ndine ndekha. Odziwa ndife awiri, ine ndi iwo, ndi Mulungu.

Kuchipatala a Alufandika anawamanga phewa n'kuwasoka pamphumi. Atamaliza anandifunsa panja kuti chinachitika n'chiyani, poti munthuyu anali atazolowera kudzuka pang'onopang'ono. Ndinati mwina ndi swaumu. Anandiyang'ana, n'kungoti, "Mwina," n'kulowa.

Patapita masiku awiri akuluakulu a mzikiti anabwera kunyumba kudzazonda, koma aliyense ankadziwa kuti abweranso kudzakamba za Idi. Anakhala pakhonde. Bambo anatuluka dzanja lili m'nsalu yokolekera m'khosi, n'kukhala pampando wawo wa ndalema. Ine ndinakhala pansi chakumapeto. A Fakiri, amene tsopano ndiwo wamkulu kuposa onse ndipo maso awo ayamba kuchita ng'ala koma nzeru ayi, ndiwo anayamba.

"A Mwalimu, ife sitinabwere kudzakuchotsani. Masiku onsewa mwakhala mukutiswalitsa, mochedwa inde, koma osagwa. Odandaula za kuchedwa ali ndi masitolo awo, ife tilibe kothamangira. Tikungofuna kudziwa chinasintha n'chiyani Lachisanu lija. Ngati chili chokonzeka, tikonze, pa Idi muime ndinu."

Atanena choncho anatembenuza nkhope yawo kwa ine. Mwina ankangotsatira phokoso la nkhuku, sindikudziwa. Khomo linali lotsegula, achimwene. Ndikanangoti, "Ndine ndinafulumira," bambo akanabwerera pamalo pawo, ine n'kulandira chidzudzulo changa, nkhani n'kutha. Ndinatsegula pakamwa. Ndikufuna kukhulupirira kuti ndikanalankhula. Koma kudikira kumene kunandikanika mumzikiti kunandithekera pakhonde paja, ndipo bambo ananditsogolera.

"Palibe chinasintha," anatero. "Takbira ndinanena ndine, mwanayu anangobwereza monga mwa ntchito yake. Ndinaona ngati mdima wapita pamene usanapite. Munthu amene sathanso kudziwa kuti m'maso mwake mwayera kapena ayi asaime kutsogolo kwa anthu. Zaidi akudziwa kuwerenga, mlendo wanu anamumva. Muikeni iye."

A Fakiri anati, "Mawu a Mwalimu Sufiyani sitinawakayikirepo chiyambire." A Hassani anavomera msanga kuposa onse. Anapemphera dua, anamwaza moni, anapita.

Inu mukuwadziwa bambo. Ndi munthu amene anabweza mbuzi ya eni ake itabereka kale ana awiri m'khola mwathu, n'kubweza ndi ana omwe. Sindinawamvepo akunama, ngakhale bodza lija timanamiza ana kuti mankhwala sakuwawa. Tsiku limenelo ananama pamaso pa akuluakulu, ali pa swaumu, chifukwa cha ine.

Masana a tsiku lotsatira ndinawapeza okha pabwalo, atakhala pamthunzi ndi kabango kothamangitsira nkhuku pampunga, amayi atapita kudambo. Ndinagwada pambali pawo.

"Bambo, takbira ija..."

"Ndikudziwa amene anainena," anatero, osandiyang'ana.

"Ndipita kwa a Fakiri ndikawauze."

"Ukawauze chiyani? Kuti Sufiyani ndi wabodza?"

"Ndikawauze kuti wolakwa ndine, kuti mubwerere pamalo panu."

Anagwedeza kabango kaja, nkhuku inathawa. "Iwe umaganiza mothamanga ngati mmene umachitira zonse. Ukakanena, adzadziwa kuti ine ndinawanamiza m'mwezi wa Ramadhani, ndipo adzadziwanso kuti iwe unadzutsa anthu imamu asanadzuke. Ndani adzaswali kumbuyo kwa wabodza? Ndani adzaswali kumbuyo kwa iwe? Mzikiti udzataya anthu awiri pamene ukanataya mmodzi. Bodza ndanena kale, lili pamutu panga. Lisiye pomwepo."

"Nanga munaneneranji?"

Apa ndipo anandiyang'ana. Pamphumi pawo ulusi wa a Alufandika unali ukuoneka. "Ndinaona kuti watsegula pakamwa," anatero. "Sindinadziwe chimene chituluke. Ukananena zoona ukanadzipha wekha. Ukananama pamaso panga, sindikudziwa ngati ndikanathanso kukuyang'ana. Ndinaona kuti bola ndisadziwe."

Ndinalira, achimwene, ndevu zanga zonsezi, pakati pa mikeka ya mpunga. Iwo sanandigwire paphewa, sanandikalipirenso. Anangonena kuti swaumu ya tsiku lija la akuluakulu sakuiwerengera, poti pakamwa pawo panatuluka bodza, ndiye Idi ikapita adzaibweza. Ndinati ndidzabweza ndine m'malo mwawo. Anati swaumu si katundu woti wina angakusenzere. Ndiye munthu amene a medikolo anati asasale n'komwe adzasala tsiku lina loonjezera, thupi louma lomwelo, chifukwa cha pakamwa panga. Akuluakulu sananame kuti nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu.

Lachisanu lapitali ndinaswalitsa Ijuma yanga yoyamba monga imamu. Ndinkayembekeza kuti bambo atsala kunyumba, kapena akhala kumapeto n'kuswali chokhala. Anabwera atakoleka dzanja, anadutsa mizere yonse akudzandira, n'kuima kumbuyo kwanga kwenikweni, pamalo panga pakale. A Fakiri anawanong'oneza kuti akhale pansi, iwo anati miyendo sinathyoke. Pamenepo ndinazindikira chimene chili patsogolo panga. Imamu akaimirira, onse aimirira, ndipo bambo sangalole kutsalira. Ndikadzuka ndi liwiro langa ndidzawagwetsa kachiwiri, ulendo uno aliyense akuona.

Titafika pa sijida ija ndinanena takbira podzutsa mutu, ndipo ndinakhala pansi. Anthu onse anadzutsa mitu n'kukhala, monga buku la malamulo a swala limanenera kuti munthu apumuleko pang'ono asanaimirire. Koma ine sindinaimirire. Ndinakhala, maso pamkeka, makutu onse kumbuyo. Sitinapangane chizindikiro chilichonse. Kungoti masiku onse aja ndinkaima kumbuyo kwawo ndinali nditaphunzira chinthu china mosadziwa: mdima ukamabwera bambo amapuma mofulumira, mwapamwambapamwamba, ndipo ukachoka amatulutsa mpweya umodzi wautali m'mphuno. Ndinadikira mpweya umenewo. A Hassani anatsokomola. Wina kumbuyo anati "Subhanallah", kundikumbutsa poganiza kuti ndaiwala. Mawondo anga ankafuna kudzuka okha. Kenaka ndinaumva, wautali, wodekha, ndipo ndinaimirira pang'onopang'ono ngati nkhalamba. Kumbuyo kwanga mkanjo unakhwekhwereza, ndipo palibe chinagwa.

Panja a Hassani anandikokera pambali. "A Zaidi, ife timati tapeza mnyamata, koma inu mukuchedwa kuposa bambo anu. Buku limati kupumulako n'kwa kamphindi chabe."

Ndinawayankha kuti kamphindi ka a sitolo ndi ka a mzikiti sikafanana, ndipo ngati mpunga wawo ukupserera aziuteleka akabwerako. Sindinayenere kuwayankha choncho munthu wamkulu, komanso ndani ine woti ndidzudzule munthu pa kufulumira? Koma ndi mmene zikhalire. Swala zisanu pa tsiku, bambo ali kumbuyo kwanga, ndipo ndizidikira mpweya uja mpaka tsiku limene Mulungu adzautenge. Anthu akatopa nane n'kundichotsa, mwina ndi pamene mlandu wanga udzapeze mwini wake.

Musaganize kuti zimenezi zandipepuza mtima. Dzulo amayi anatulutsa m'bokosi mkanjo wa bambo wa pa Idi, uja wa ulusi wagolide m'khosi, n'kuyamba kuupinda m'munsi poti ine ndine wamfupi. Akusoka akuimba, akunyadira kuti mwana wawo waima pamene anaima mwamuna wawo. Sakudziwa kanthu. Mkazi wanga Laila sakudziwanso, akungodabwa kuti pofutulu, pomasula swaumu madzulo, ndikudya ngati wodwala. Ndikakumana ndi a Fakiri panjira amandigwira dzanja nthawi yaitali osanena kanthu, ndipo sindidziwa ngati akundidalitsa kapena akundiyeza.

Tsono ndili ndi zopempha ziwiri. Choyamba, a Alufandika akuti kumeneko kumapezeka ndodo zokhala ndi mphira kunsonga, zosaterera pasimenti. Mukaipeza mupatsire aliyense wobwera kuno, ikhale yaitali, mukudziwa msinkhu wa bambo. Chachiwiri n'chovuta. Ndiuzeni chochita, inu ndinu wamkulu. Ndikakhala chete ndikudya malo a bambo, ndikalankhula ndikuwavula ulemu umene atsala nawo. Ngati mukufuna kunditukwana nditukwaneni, mwina ndingapezeko mpumulo, poti kuno palibe akundikalipira. Koma zimenezo mulembe papepala lapadera. Mukudziwa kuti makalata anu amene amawawerengera bambo ndi amayi mokweza ndine, ndipo sindikufuna kuyamba kudumpha mizere. Mabodza a m'nyumba muno akwana.

Amayi akupereka moni, akuti mpunga wanu ausunga m'nkhokwe yaing'ono ndipo ana abwere adzaudye asanaiwale Chinyanja. Laila akupereka moni kwa a Madina. A Alufandika akuti bawo likukudikirani, ndipo sanaiwale kuti munathawa masewera asanathe. Mundiperekere moni kwa onse a kwathu amene mumakumana nawo kumzikiti wa kumeneko, ndipo pa Idi mutikumbukire m'dua.

Bambo ali pomwepa pakhonde, kabango kawo kali m'manja. Ndawauza kuti ndikulembera inu, ndipo ndawafunsa ngati pali mawu oti ndiikepo. Akuti ndikuuzeni kuti phewa likugwirana, musadere nkhawa, ndipo musatumize kanthu. Ndawafunsa ngati ndi zokhazo. Akuti, "Umuuze kuti mng'ono wake ali ndi mawu abwino." Ndinayamba kupinda pepala, koma ndinaona kuti sanamalize, ndiye ndawadikira. Ayang'ana mpunga nthawi yaitali, atulutsa mpweya uja wautali, kenaka akuti, "Ulembenso kuti Lachisanu ndinadzuka bwino."

Ndalemba monga anenera.

Ndine mng'ono wanu,
Zaidi Sufiyani